Mmene mungalamulire kuchuluka kwa magulu a nkhani odutsa pa chipata cha manetiweki

Seva ya magulu a nkhani a Usenet, mmene anthu amakambirana polemberana mauthenga pa netiweki, sidzaza tsiku limodzi. Imayamba ndi magulu makumi awiri kapena atatu amene anthu anachita kupempha, disiki ili ndi malo ambiri, ndipo kwa miyezi ingapo palibe chodandaulitsa. Kenako pamabwera chipata, kutanthauza pulogalamu imene imatenga mauthenga a pa netiweki ina, kuwasintha kalembedwe n'kuwaponya m'magulu a pa seva yanu, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zimakula mwakachetechete. Pakatha chaka mumapeza mayina mazanamazana m'fayilo ya active, mndandanda wa magulu a pa seva, amene palibe akukumbukira kuti anawapempha ndani, mzere wa intaneti umene ofesi yonse imadalira ukuthera ponyamula mauthenga osawerengedwa, ndipo aliyense amathamangira kunena kuti pagulidwe disiki ina. Ine sindigwirizana ndi yankho limeneli. Disiki yaikulu imangosuntha tsiku la vuto, pamene chothandiza ndi kulamulira zimene zikulowa pakhomo ndi kuonetsetsa kuti gulu lililonse lili ndi munthu woliyankhira komanso anthu oliwerenga.

Kukula kumeneku kuli m'kapangidwe ka Usenet. Pamene Tom Truscott ndi Jim Ellis a ku Duke University ankayambitsa njirayi mu 1979, anafuna kuti seva iliyonse ikalandira uthenga iziupereka kwa maseva onse oyandikana nayo, iwonso aziupititsa patsogolo, popanda likulu lopereka chilolezo. NNTP, njira yotumizirana mauthengawa pa intaneti imene inalembedwa mu 1986, inangofulumizitsa kayendedweko. Kwa ife a ku Zomba, kulumikiza manetiweki a mitundu iwiri si chinthu chachilendo, chifukwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makalata a pa kompyuta ankatuluka ku Chancellor College kudzera pa netiweki ya FidoNet, kompyuta ikuyimba foni pa nthawi zoikika, ndipo ankafika pa intaneti atadutsa pa chipata. Amene anagwira ntchito nthawi imeneyo ankadziwa mtengo wa uthenga uliwonse chifukwa unkaoneka pa bilu ya foni. Malangizo awa akutengera pulogalamu yoyendetsa seva yotchedwa INN, imene Rich Salz anatulutsa mu 1991 ndipo ikusamalidwabe mpaka pano, koma maganizo ake angagwire ntchito pa seva ina iliyonse.

Yambani ndi kuwerengera

Musafufute kanthu musanadziwe zimene zikulowa ndi zimene zikuwerengedwa, chifukwa ziwirizi nthawi zambiri sizifanana. Mzere uliwonse wa m'fayilo ya active uli ndi zigawo zinayi: dzina la gulu, nambala ya uthenga womaliza, nambala ya uthenga wakale kwambiri umene ulipobe, ndi chilembo chosonyeza mtundu wa gululo. Koperani fayiloyi lero, muikoperenso pakatha masiku 30, kenako muchotsere nambala yakale ya uthenga womaliza pa yatsopano. Chotsalacho ndicho chiwerengero cha mauthenga amene gulu lililonse lalandira pa mwezi. Za kuwerengedwa muzipeza m'lipoti limene pulogalamu ya innreport imakonza usiku uliwonse news.daily, ntchito yosamalira seva ya tsiku ndi tsiku, ikamayenda, mmene mumaoneka magulu amene anthu anatsegula, maseva amene akukutumizirani zambiri, ndiponso mayina a magulu amene seva yanu inakana.

Ngati seva yanu ikutumikira sukulu kapena koleji, kaya ku Chirunga kaya ku Domasi, muwerengere pamene ophunzira alipo. Mukawerengera pa tchuthi, magulu othandiza adzaoneka ngati akufa ndipo mudzawafufuta molakwika. Zotsatirazo muziike m'magawo atatu: magulu owerengedwa, magulu olandira zambiri koma osawerengedwa, ndi magulu amene salandira kanthu komanso sawerengedwa. Gawo lachiwiri ndilo likukudyerani disiki ndi mzere wa intaneti. Lachitatu silidya malo ambiri, koma limasokoneza munthu watsopano amene akufufuza gulu loyenera pakati pa mayina osathandiza.

Gulu limodzi, chipata chimodzi

Apa ndiyenera kuchedwapo, chifukwa mavuto aakulu kwambiri amene ndinaonapo anachokera pamenepa. Seva imazindikira uthenga ndi mzere umodzi wokha wa pamwamba pake, wotchedwa Message-ID. Seva ina ikaupereka, seva yanu imayang'ana m'kaundula wake wotchedwa history, ndipo ikapeza kuti Message-ID imeneyo inadutsa kale, imaukana. Palinso mzere wa Path, mmene seva iliyonse imalemba dzina lake uthenga ukamadutsa, kuti usabwezedwe kumene wachokera. Zinthu ziwirizi ndizo zimaletsa uthenga kuzungulira kosalekeza, ndipo chipata chosakonzedwa bwino chimaziphwanya zonse ziwiri.

Taganizirani uthenga umodzi wochokera pa netiweki ina umene wadutsa pa zipata ziwiri, china pa seva yanu ndi china pa seva ya anzanu ku Blantyre. Chipata chilichonse chikaupatsa Message-ID yakeyake, maseva onse amauona ngati mauthenga awiri osiyana, ndipo gulu limalandira chilichonse kawiri. Choipa kuposa apa chimachitika pamene zipatazo zimagwira ntchito mbali zonse ziwiri: choyamba chimaulowetsa m'gulu, chachiwiri chimauona ngati watsopano n'kuubwezera ku netiweki ija, choyamba chimaulandiranso n'kuupatsa dzina lina, ndipo zimapitirira choncho mpaka wina azimitse makina. Ndinafikapo kuntchito m'mawa wina n'kupeza funso limodzi la wophunzira litabwerezedwa kambirimbiri usiku umodzi, disiki itadzaza, ndipo zinatitengera tsiku lathunthu kuti tizindikire kuti mbali inayo munthu wina anali atatsegula chipata chachiwiri ndi mtima wabwino, osauza aliyense.

Choncho chitani izi motsatizana. Lemberanani ndi osamalira maseva onse amene mumasinthana nawo mauthenga, mugwirizane kuti pa gulu lililonse chipata chovomerezeka ndi chimodzi, ndipo mulembe dzina la seva imene chili ndi la munthu wochisamalira. Kenako tsegulani makonzedwe a chipata chanu muonetsetse kuti uthenga ukafika uli ndi Message-ID yake, chipata sichikuisintha. Ngati netiweki inayo ili ndi njira yake yotchulira mauthenga, monga mmene FidoNet ilili ndi MSGID, chipata chizipanga Message-ID kuchokera pa chizindikiro chimenecho mwa njira yosasinthasintha, kuti uthenga womwewo ukadutsa kawiri utuluke ndi dzina lomwelo. Chisamapange dzina kuchokera pa nthawi ya pa wotchi kapena pa nambala yongolota. Chipata chilembenso dzina lake mu Path, ndipo mu fayilo ya newsfeeds, imene imanena zimene seva itumize ndi kumene izitumize, pa mzere wotumiza mauthenga ku chipatacho, muike dzina lomwelo pambuyo pa chizindikiro cha / chotsatira dzina la mzerewo, kuti uthenga umene walowa kudzera pa chipata usatumizidwenso ku chipata chomwecho. Musaiwale mzere wa References, umene umalumikiza yankho ndi funso lake. Ukatayika pa chipata, anthu saona kuti funso linayankhidwa kale ndipo amafunsanso, kumenenso kuli kukula kopanda phindu.

Musanatsegule chipata kwa anthu, chiyeseni pa gulu loyeserera. Tumizani uthenga kuchokera mbali iliyonse, dikirani maola angapo, muone ngati waoneka kamodzi kokha. M'uthenga woyeserawo mulembemo dzina lakuti Malaŵi ndi chilembo chake cha ŵ, chifukwa chipata chimene sichisamala za UTF-8, njira yolembera zilembo pa kompyuta, chimasandutsa chilembo chimenechi zizindikiro zosawerengeka, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi anthu asanayambe kudandaula.

Ndani ali ndi mphamvu yotsegula gulu

Chachitatu ndi kutseka njira zimene magulu amadzitsegukira okha. Pa Usenet pali mauthenga olamula, monga newgroup, rmgroup ndi checkgroups, amene amauza seva kuti itsegule kapena kufufuta gulu, ndipo fayilo ya control.ctl ndiyo imanena zimene seva ichite nawo. Kwa magulu a Big 8, amene ndi comp, humanities, misc, news, rec, sci, soc ndi talk, mauthengawa amasainidwa ndi PGP, siginecha ya pa kompyuta, ndipo seva ingawatsimikize isanawamvere. Magulu a alt alibe wowalamulira, ndipo aliyense angathe kutumiza newgroup. Mukalola seva kumvera zonsezi, fayilo ya active idzatupa ndi mayina achibwana. Pa seva yaing'ono, ine ndimaika kuti newgroup iliyonse yosatsimikizika izingotumizidwa kwa wosamalira seva kuti aione, kapena izitayidwa. Zosintha zanu muzilembe mu control.ctl.local kuti zisafufutike pamene mukuika INN yatsopano, ndipo kumbukirani kuti mzere womaliza wogwirizana ndi uthengawo ndiwo umatsatidwa.

Mapulogalamu ena a chipata ali ndi mwayi wotsegula gulu latsopano akangoona dzina lachilendo kuchokera ku netiweki inayo. Zimitsani mwayi umenewu. Gulu lizitsegulidwa ndi munthu, pogwiritsa ntchito lamulo la ctlinnd newgroup, pambuyo poti wolipempha wayankha mafunso atatu polemba: gululi ndi la chiyani chimene magulu omwe alipo sangakwanitse, ndani adzaliyang'anira, ndipo ndi anthu ati amene alonjeza kuliwerenga. Magulu onse ochokera pa chipata akhale pansi pa dzina limodzi loyambira, losiyana ndi la magulu a kwanuko. Mwachitsanzo, a kwanuko angayambe ndi zomba. ndipo odutsa pa chipata ayambe ndi chipata. kuti mzere umodzi wokha uzitha kuwakhudza onse pa nkhani ya kusunga, kutumiza ndi kufufuta. Amene amasakaniza mayinawa poyamba amadzavutika kulemba lamulo la gulu lililonse palokhapalokha.

Sankhaninso chilembo choyenera. Chilembo y chimalola anthu a pa seva yanu kulembamo, n chimawaletsa koma chimalola zochokera kwina, pamene m chimatanthauza kuti uthenga uliwonse uyenera kuvomerezedwa ndi woyang'anira. Ngati chipata chimangolowetsa osatulutsa, musasiye gululo pa y, chifukwa anthu adzayankha poganiza kuti eni funso akumva, chikhalirecho mayankho awo sakutuluka m'nyumbamo.

Chepetsani zobwera kuchokera komwe zikuchokera

Pali chinthu chimene ambiri sachizindikira msanga. Seva inzanu ikamapereka uthenga, imangotchula Message-ID, osatchula gulu. Seva yanu, posaupeza mu history, imavomera kuti utumizidwe, uthenga wonse umadutsa pa mzere wanu wa intaneti, ndipo pamenepo m'pamene imaona kuti ndi wa gulu limene mulibe n'kuukana. Disiki yapulumuka, koma mzere wa intaneti wagwira kale ntchito yachabe. Ndiye kufufuta gulu kwanuko kokha sikokwanira. Tengani mayina a magulu okanidwa amene ali m'lipoti la innreport, muwatumize kwa wosamalira seva inayo, mumupemphe kuti awachotse pa mzere wanu mu newsfeeds yake. Ndi bwino kumupatsa mayina a zimene mukufuna basi, m'malo momuuza kuti atumize zonse kupatula zakutizakuti.

Mu newsfeeds, chizindikiro cha ! chimachotsa gulu, koma uthenga umene waponyedwa m'magulu angapo nthawi imodzi umadutsabe ngati limodzi la magulu amenewo ndi lofunika. Chizindikiro cha @ ndicho chimatsekeratu uthenga wonse umene wakhudza gulu losafunikalo, ndipo ndicho choyenera pa magulu a zithunzi, nyimbo ndi mafilimu, amene amalemera kuposa magulu onse a zolemba kuwaphatikiza pamodzi. Pa mzere womwewo mungaike malire a kukula kwa uthenga, komanso chilembo G ndi nambala, kuti uthenga woponyedwa m'magulu oposa nambalayo usatumizidwe. Musadalire mayina a magulu olembedwa pa mzere wa ME, mzere wa seva yanu yomwe mu newsfeeds, poganiza kuti amaletsa zolowa. Ntchito yawo ndi kukhala poyambira pa mizere yotumizira. Zolowa zimalamulidwa ndi fayilo ya active ndi zimene mwalola seva iliyonse mu incoming.conf. Mu inn.conf muli maxartsize, nambala ya malire a kukula kwa uthenga, imene imabwera ili pa mabayiti 1,000,000, ndipo pa seva ya zolemba zokha mungaitsitse kwambiri popanda wodandaula.

Za mauthenga otsatsa malonda sindinena zambiri. Vutoli linadziwika mu Epulo 1994 pamene maloya awiri a ku United States, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anaponya chilengezo chimodzi m'magulu masauzande, ndipo silinathe mpaka lero. Ikani sefa monga Cleanfeed, ndipo muonetsetse kuti zolowa kudzera pa chipata nazonso zikudutsa m'sefayo, chifukwa chipata chimatumiza m'dzina la seva yanu ndipo manyazi ake amagwera inu.

Kusunga ndi kufufuta

Tsopano gwiritsani ntchito manambala a mwezi uja. Tiyerekeze kuti mutachepetsa zobwera mukulandira 400 MB pa tsiku ndipo mwapatula 60 GB ya mauthenga. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu, kutsale 48 GB, zimene zikukwana masiku 120 ngati magulu onse asungidwa mofanana. Koma sayenera kusungidwa mofanana. Zimene anthu a kwanuko alemba sizipezeka kwina kulikonse, pamene zochokera pa chipata zili ndi kwawo kumene zikusungidwa. Mu expire.ctl, fayilo yonena masiku osungira mauthenga, mungalembe mzere woyamba *:A:1:14:30 wokhudza magulu onse, kenako chipata.*:A:1:30:60 ndipo pomaliza zomba.*:A:30:365:never. Chilembo A chikutanthauza magulu a mtundu uliwonse ndipo never ndi kusafufuta konse; pa manambala atatuwo, yapakati ndi masiku amene uthenga wamba umasungidwa, ndipo yoyamba ndi yomaliza ndi malire a uthenga umene wadzitchulira wokha tsiku lothera pa mzere wa Expires. M'fayiloyi mzere womaliza wogwirizana ndi gulu ndiwo umagwira ntchito, choncho lamulo la onse likhale pamwamba. Mu storage.conf, fayilo yonena njira yosungira mauthenga a gulu lililonse, ndi mosemphanitsa, woyamba ndiwo umagwira, ndipo kusiyana kumeneku kwasokoneza anthu ambiri.

Kwa magulu a pa chipata ndimalimbikitsa njira yosungira yotchedwa CNFS. Mumapanga mafayilo a kukula koikika, kuwalemba mu cycbuff.conf, ndipo akadzaza uthenga watsopano umalembedwa pamwamba pa wakale kwambiri. Chipata chikapenga usiku, chimangofufuta mauthenga akale a m'magulu ake omwe, osakhudza disiki yonse. Magulu a kwanuko asiyeni mu tradspool, mmene uthenga uliwonse uli fayilo payokha yosavuta kuikopera posungira pena, koma muziyang'ana ndi df -i kuchuluka kwa mafayilo amene disiki ingalandirebe, chifukwa timafayilo ting'onoting'ono tingathe kumaliza chiwerengerocho malo akadalipo.

Pali manambala ena awiri amene ayenera kuyendera limodzi, ndipo kuno kwathu ndi ofunika kuposa mmene mabuku amanenera. Nambala ya artcutoff mu inn.conf, imene imabwera ili pa masiku 10, imauza seva kukana uthenga wakale kuposa pamenepo. Mzere wa /remember/ mu expire.ctl umanena masiku amene history ikumbukire Message-ID ya uthenga umene unafufutidwa kapena kukanidwa, ndipo uyenera kuposa artcutoff ndi tsiku limodzi kapena kuposerapo, apo ayi uthenga wofufutidwa ungabwerenso n'kulandiridwa ngati watsopano. M'nyengo ya dzinja, mphenzi za m'phiri la Zomba zikaotcha chipangizo cha wailesi kapena mtengo ukagwera nthambo, mzere wa intaneti ungathe kukhala wakufa kwa sabata ziwiri podikira chipangizo china. Ukadzabwerera, mauthenga oyamba amene anaunjikana amakhala atapitirira masiku 10 ndipo seva imawakana mwakachetechete. Ngati izi zimachitika kwanuko, kwezani artcutoff kufika pa 21 ndi /remember/ pa 22, podziwa kuti history idzakula, ndipo musalole kuti chipata chizisintha deti la uthenga pofuna kuzemba lamuloli, chifukwa chikatero mauthenga akale amalowa ngati a lero.

Kutseka gulu mwaulemu

Kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, bwererani ku magawo atatu aja. Gulu limene latha nthawi yonseyo osawerengedwa, kapena limene woliyang'anira anachoka osasiya womulowa m'malo, liyenera kutsekedwa, koma osati mwadzidzidzi. Lembani chidziwitso m'gulu momwemo ndi m'gulu la zilengezo, kunena tsiku lotsekera ndi kupereka mwezi wathunthu woti wina adzipereke kuliyang'anira. Akapezeka, gulu lipitirire. Akapanda kupezeka, yambani ndi kuzimitsa chipata cha gululo ndi kuuza mbali inayo kuti isiye kutumiza, kenako musinthe chilembo chake kukhala n pogwiritsa ntchito ctlinnd changegroup, kuti zakale ziwerengedwebe kwa kanthawi. Ngati nkhani zake zikufanana ndi za gulu lina lamoyo, ikani chizindikiro cha = chotsatiridwa ndi dzina la gulu lamoyolo, ndipo zobwera zidzalowa kumeneko. Kuphatikiza magulu awiri ofooka kawirikawiri kumabala gulu limodzi lokhala ndi anthu okwanira kuyankhana.

Pomaliza penipeni m'pamene mumakopera mauthenga ake posungira pena, kulamula ctlinnd rmgroup, ndi kuchotsa dzinalo m'fayilo ya newsgroups, m'makonzedwe a chipata ndi pa mndandanda wa magulu umene munagwirizana ndi maseva anzanu. Mukayamba ndi rmgroup chipata chikadali choyaka, mauthenga adzapitiriza kubwera n'kumakanidwa tsiku ndi tsiku, ndipo mzere wanu udzakhala ukuwanyamulabe.

Zonsezi zilembedwe m'buku limodzi, ngakhale kope wamba losungidwa pafupi ndi seva: dzina la gulu, tsiku lotsegulira, amene analipempha, chipata chimene limadutsa, ndi masiku osungira. Lipoti la news.daily lizipita kwa anthu awiri, kuti mmodzi akapita ku maliro kumudzi kapena ku maphunziro, wina aziona ngati gulu lina lalandira mauthenga ochuluka modabwitsa. Akaona zotero, ayambe ndi ctlinnd throttle kuti seva isiye kulandira, azimitse chipata, ayerekeze Message-ID ndi Path za mauthenga angapo obwerezedwawo kuti apeze pamene akuzungulira, ndipo alamule ctlinnd go, yoyambitsanso kulandira, pokhapokha atalankhula ndi wosamalira mbali inayo.